Mbiri Yokumbidwa m'Nthaka: Nchito ya Bambo Yusuf Juwayeyi

Munthu akapita pa Ndirande m'mamawa, cimene ayamba kumva ndico kulira kwa nyundo. Amisiri ali kusula mbaula, zidebe ndi zitseko, ndipo citsulo cao cicokera ku migolo yakale ndi magalimoto akufa. Mwana woona zimenezi angayese kuti citsulo cinalowa m'dziko muno pamodzi ndi Azungu, ndi kuti makolo ace sanadziwe kanthu koma kulima ndi kusaka. Si kutero ai. Tsono lero tifuna kusimba za munthu wa kwathu amene anatha zaka zambiri pofunafuna umboni wa nzeru za makolowo.

Ku Ulaya kuli anthu ophunzira amene nchito yao ndiyo kulondola ciyambi ca sayansi. Iwo asimba za Galileo wa ku Italy, amene m'caka ca 1610 anapenya kumwamba ndi mandala ace, naona miyezi inai yozungulira Jupiter. Asimbanso za Isaac Newton wa ku England, amene m'caka ca 1687 anasindikiza buku lofotokoza mphamvu imene igwetsa cipatso pansi niyendetsa mwezi m'njira yace. Olemba mbiri amenewa ali ndi mwai umodzi, pakuti anthu aja anasiya makalata. Nanga makolo athu a zaka zomwezo, amene analibe colembera, nzeru zao tidzazifunsa kwa yani?

Funso limeneli ndilo linagwira mtima wa Bambo Yusuf Juwayeyi. Iwo anaphunzira nchito ya kukumba zinthu zakale pa yunivesite ya California, ku Berkeley m'dziko la America, kumene kunali kuphunzitsa J. Desmond Clark, munthu amene anakumbapo ku Karonga. M'caka ca 1981 anatsiriza maphunziro ao a udokotala, polemba za anthu akale a cigawo ca kumwera kwa Malawi. Anatumikira zaka zambiri m'nthambi ya boma yosunga zinthu zakale. Pambuyo pace anakhala kazembe wa Malawi ku United Nations, ndiponso mphunzitsi pa Long Island University ku New York. Koma nchito imene dzina lao lidzakumbukika nayo anaicita ndi manja, m'dothi la ku Dedza.

Iwo asanayambe, mboni za ufumu wa Amaravi zinali ziwiri. Yoyamba ndiyo mau a akuru, amene mphunzitsi Samuel Josia Ntara anasonkhanitsa m'buku lace la Mbiri ya Acewa m'zaka za m'ma 1940. Yaciwiri ndiyo makalata a Apwitikizi, monga ulendo wa Gaspar Bocarro, amene m'caka ca 1616 anacoka ku Tete kunka ku Kilwa, napitira pa mudzi wa mfumu Muzura. Koma mau a pakamwa sachula caka, ndipo mlendo alemba cokhaco cimene maso ace anakonda. Panasowa mboni yacitatu, ndiyo nthaka.

Cifukwa cace Bambo Juwayeyi anapita ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, malo amene akuru awachula kawirikawiri m'nkhani za Kalonga. Kumeneko anakumba m'madzala a anthu akale. Inu owerenga musaseke, pakuti dzala silinama. Munthu abisa zambiri pakamwa, koma cimene anadya, cimene anabvala ndi cimene anaswa, zonse zigona kuseri kwa nyumba yace. Wokumba acotsa dothi pang'onopang'ono, nalisefa, nalemba malo ndi kuya kwa kanthu kali konse. Pakuti ca pansi cinatayidwa poyamba, ca pamwamba pambuyo. Makala nao achula zaka. Mtengo uli wamoyo umwa mtundu wina wa kaboni wa mumpweya, ndipo ukafa kaboniyo ayamba kucepa, natha theka lace pa zaka ngati 5,730. Poyesa wotsalayo, akatswiri adziwa nyengo imene mtengowo unafa.

Zimene anapeza anazilengeza m'magazini ya Azania m'caka ca 2010, ndipo m'caka ca 2020 anaturutsa buku lochedwa Archaeology and Oral Tradition in Malawi. Makala anaonetsa kuti mudziwo unalipo kale Apwitikizi asanamange ku Tete. M'dothimo munaturuka mapale ndi mafupa a nyama osawerengeka, zipangizo za citsulo, zinthu za mkuwa, minyanga ya njobvu yosemedwa, mikanda ya galasi, ndi zidutswa za mbale za ku China. Taganizani utali wa njira imene mbale yotere inayenda, kuoloka nyanja yaikuru ya India, kupita m'manja ambiri, kufikira inaswekera m'mphepete mwa nyanja yathu! Mkuwa naonso ndi mlendo, pakuti migodi yace yaikuru iri ku Zambia ndi ku Congo.

Koma coposa zonse ndico citsulo. Kusandutsa mwala kuti ukhale khasu si nchito ya mphamvu yokha. Mmisiri anayenera kuzindikira mtapo wabwino pakati pa miyala yacabe, kusankha mitengo yopatsa makala olimba, kuumba ng'anjo ya dongo losang'ambika, ndi kulinga mpweya wolowamo kuti moto usacepe kapena kupitirira. Analibe coyezera kutentha. Anawerenga maonekedwe a lawi. Akalakwa, anataya nchito ya masiku ambiri, nayesanso, naphunzitsa mwana wace cimene anapeza. Kuyesa, kupenyetsetsa, kukonza ndi kuyesanso: kodi si njira yomweyo imene ophunzira a ku Ulaya aitama?

Nzeru zimenezi zinafika ndi kuno kwathu. Pamene David Livingstone anayenda m'mapiri a Shire m'caka ca 1859, anapeza Amang'anja, amene ali mbeu ya Amaravi, ali kusungunula citsulo m'midzi yao, ali kupota thonje ndi kuomba nsaru. Posacedwa nkhondo za ukapolo ndi njala ya 1862 ndi 1863 zinamwaza midziyo; pambuyo pace makasu ndi nsaru za m'sitolo zinazimitsa ng'anjo zotsala. Cimene cinasungidwa zaka mazana cinatayika m'mibadwo iwiri.

Nthaka nayonso iri ndi polekezera. Dzina la Galileo tilidziwa, koma la mmisiri wa ku Mankhamba silidzamvekanso. Phale silinena mfunda wa mai amene analiumba. Cifukwa cace Bambo Juwayeyi sanataye mau a akuru, koma anawaika pambali pa zokumbidwazo, kuti mboni ina iongole inzace, monga acita pa bwalo la mirandu.

Tsono pali ziwiri zimene ife tingathe kucita. Mukamakumba maziko a nyumba pa Bangwe kapena pa Chilomoni, kapena polima kumudzi, mukapeza mapale ambiri, mikanda, kapena zotsalira zakuda za m'ng'anjo, musazimwaze, ndipo musazizule pamalo pace. Pakuti kanthu kocotsedwa pamene kanagona kataya theka la umboni wace. Kauzeni a ku nyumba yosungira zakale pa Chichiri, pakati pa Blantyre ndi Limbe, imene inatsegulidwa m'caka ca 1966. Caciwiri, ngati agogo anu akali moyo, khalani nao pansi madzulo ano, muwafunse kumene pfuko lanu linacokera ndi nchito zimene atate ao anadziwa, nimulembe. Mau a akuruakuru akoma akagonera, koma agonera pokhapo pali wina wowasunga. Phale likhoza kudikira m'nthaka zaka mazana ena, nkhalamba siidzadikira.