Maso a Woyendetsa Ndege

Anthu a ku Highlands, m'mudzi wa Livingstone, anazolowera kumva kulira kwa tindege tonyamula alendo kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Koma owerengeka okha ndiwo amadzifunsa kuti kodi woyendetsa ndege amadziwa bwanji kumene ali pamene dziko labisika pansi pa mitambo.

M'caka ca 1920 Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand anatera pa Livingstone ndi ndege yao, Silver Queen II, pa ulendo wa ku Cape Town. Mu 1926 Alan Cobham anauluka pafupi ndi mathithiwo kotero kuti nkhungu ya madzi inalowa mu injini, niyamba kutsokomola, ndipo anapulumuka mwamwayi. Amuna amenewa anali kudalira kampasi, mapu ndi maso ao, nalondola mitsinje ndi njanji monga mlenje alondola mapazi a nyama.

Tsono maso ali ndi polekezera. Munthu amadziwa kuti wakhala cilili cifukwa ca timadzi tokhala m'kati mwa khutu, koma ndege ikakhota pang'onopang'ono mu mtambo, timadzito timamunamiza kuti akupita molunjika, cikhalireco phiko limodzi laloza pansi. Ife a kuno tisanene kuti zimenezi nza ku Ulaya kokha: utsi wa lupsa m'miyezi ya September ndi October umaphimba malekezero a thambo monga mtambo womwe. Mu 1929 James Doolittle wa ku Amereka ananyamuka, nauluka, natera osaona kunja, atadalira zipangizo zokha, makamaka cija cosonyeza kupendekeka kwa ndege. Pambuyo pace mawoci asanu ndi imodzi anakhazikika pamaso pa woyendetsa, ouza liwiro, kutalika, kupendekeka, kukhota, kukwera ndi kumene ndege yaloza. Ndi mawoci otere ndege ya Comet inatera pa bwalo latsopano la Livingstone mu 1952, pocokera ku London kunka ku Johannesburg.

Bvuto lace linali lakuti munthu mmodzi anayenera kuwerenga mawoci onsewo ndi kuwalumikiza m'mutu mwace, mtima uli m'mwamba. Kuyambira 2003 ndi 2004 ndege zazing'ono za Cirrus ndi Cessna zinayamba kugulitsidwa ndi magalasi akulu onga a kompyuta, monga Garmin G1000. Galasi limodzi limaonetsa thambo lobiriwira pamwamba ndi nthaka yofiirira pansi, liwiro ndi kutalika zili m'mbali mwace. Linzace limaonetsa mapu oyenda pamodzi ndi ndege mothandizidwa ndi GPS. Ena amajambula mapiri ndi zigwa monga zikadaonekera usana, ndipo mtunda ukayandikira umasanduka wofiira.

Komabe mu 2010 bungwe lofufuza ngozi ku Amereka, la NTSB, linapeza kuti ndege zamagalasi zinali ndi ngozi zocepa, koma ngozi zakupha anthu zinali zocuruka kuposa za ndege zamawoci. Cifukwa cina n'cakuti ndege zatsopanozi zinali kuyenda maulendo ataliatali ndi m'nyengo yoipa. Bungwelo linapempha kuti oyendetsa aphunzitsidwe bwino zipangizo za ndege imene akwera, ndi cocita pamene galasi lazima ali m'kati mwa mtambo.