Kambalame kamene kankayamba kugwa

Usiku wina wa mwezi wa June, ndili chaka chachiwiri ku koleji, magetsi anazima. Ine ndi mnzanga tinalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka zenera chifukwa kunja kunali chisanu choopsa. Ndinadzidzimuka pakati pa usiku mutu ukuwawa ngati ung'ambika, miyendo ili lefu, mnzangayo akusanza. Tinkangoti ndi malungo. Ndinadzazindikira mochedwa kuti tinapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, nditawerenga mbiri ya migodi ya malasha ya ku Britain.

Mu January 1896 mgodi wa Tylorstown ku Wales unaphulika. Anthu 57 anafa, pamodzi ndi mahatchi okoka ngolo pansi pa nthaka. Katswiri wa za thupi wa ku Scotland, John Scott Haldane, anapita kukayeza mitemboyo. Anapeza kuti ambiri sanafe ndi moto. Khungu lawo linali lofiirira bwinobwino ngati anthu amoyo. Chinawapha chinali carbon monoxide, mpweya wosaoneka komanso wosanunkha, womwe unadzaza mumgodimo moto utatha.

Mpweyawu umapha chonchi. M'magazi mwathu muli haemoglobin, amene amanyamula okosijeni kuchokera m'mapapo kupita naye ku ubongo ndi mtima. Carbon monoxide amamatirira pa haemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 n'kupitirira. Zili ngati minibasi yodzaza ndi anthu okana kutsika: ikuyendabe, koma ofunika kukwera atsala pa siteji. Mfalansa wina, Claude Bernard, anali ataonetsa kale zimenezi m'zaka za m'ma 1850.

Haldane anali munthu wolimba mtima, mwina mopitirira muyeso. Ankapuma dala mpweyawu uku akuyeza magazi ake, mbewa ili pambali. Anaona kuti mbewayo inkafooka iye asanamve kanthu, chifukwa tinyama tating'ono timapuma mofulumira ndipo poizoni amalowa msanga m'magazi mwake. Choncho analangiza kuti anthu azilowa mumgodi ndi mbewa kapena mbalame.

Umu ndi mmene kambalame kachikasu kotchedwa canary kanayambira ntchito, makamaka m'magulu opulumutsa anthu. Kakangoyamba kudzandira kapena kugwa pa kamtengo kake, aliyense ankadziwa kuti nthawi yothawa yakwana. Makola ena anali ndi kabotolo ka okosijeni kotsitsimutsira kambalameko. Ku Britain anasiya kutigwiritsa ntchito mu 1986, makina oyeza mpweya atalowa m'malo mwake.

Chimene chimandiopsa n'chakuti makala a m'mbaula amatulutsa mpweya womwewo akamayaka mosakwanira m'chipinda chotseka. Usiku uja tinalibe kambalame kapena makina. M'nyumba zambiri woyamba kufooka amakhala mwana wamng'ono amene wagona pafupi ndi motowo.

Ndiye amwene, chisanu chikabweranso, othani moto zenera lili lotsegula, ndipo mbaulayo muitulutse panja musanagone.