Mbiri ya Muyeso wa Utsi

Lero sindikamba za mbeu kapena za feteleza ai, koma za mpweya umene timapuma, ndi m'mene anthu anaphunzirira kuuyesa.

Inu a ku Zomba mukudziwa kuti pamwamba pa phiri pali malo awiri oonerapo dziko. Ena amatchedwa Queen's View, chifukwa mai wake wa Mfumukazi ya ku Mangalande anafikapo m'chaka cha 1957. Ena ndi Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965. Mukakwerako mwezi wa April, mvula itangoleka, muona Nyanja ya Chilwa ili mbee, ndi phiri la Mulanje ngati mungalikhudze ndi dzanja, chonsecho lili pa mtunda wa mamailosi oposa 30. Tsono bwereraniko mu October. Mulanje kulibe, Chilwa kulibe. Phirilo silinasamuke. Labisika ndi utsi wa lupsa, wa mauvuni a makala ndi a njerwa, pamodzi ndi fumbi; ndipo chimene chatseka maso anucho ndi chomwecho chikulowa m'chifuwa mwanu.

Mmodzi wa anthu oyamba kuika utsi pa muyeso anali wa ntchito yathu yomwe ino ya ulimi. Dzina lake Maximilien Ringelmann, mphunzitsi wa makina a kumunda ku France. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 iye anajambula timapepala ta mizere yakuda, kuyambira 0, ndiko kuyera, kufikira 5, ndiko kuda bii. Munthu ankaimika pepalalo patali pang'ono nafanizira ndi utsi wotuluka pa chumuni. Chinali chida chosavuta, chosalira mafuta, ndipo chinathetsa makani ambiri, pakuti mwini fakitale sakanatha kunenanso kuti utsi wake ngwochepa pamene pepala likunena 4.

Koma anthu sanauope utsi kwenikweni mpaka pamene unapha. Mu December 1952, kuyambira pa 5 kufikira pa 9, mumzinda wa London munazizira kwambiri ndipo mphepo inaleka. Nyumba iliyonse inasonkha moto wa malasha. Mpweya wozizira unakhala pansi, wofunda pamwamba pake ngati chivundikiro pa mphika, ndipo utsi unasowa kotulukira. Anthu sankaona ndi mapazi awo omwe. Ng'ombe zimene zinabwera ku chionetsero cha ziweto zinabanika, zina nkufa. Poyamba Boma linawerenga maliro 4,000, koma amene anawerenganso pambuyo pake anapeza kuti akufa anafika pafupi 12,000, makamaka okalamba ndi odwala chifuwa. Chifukwa cha ichi, mu 1956 kunakhazikitsidwa lamulo loletsa utsi wakuda, ndipo malire ake anatengedwa pa pepala la Ringelmann lija: utsi wofika pa 2 unakhala mlandu.

Chivundikiro chimenechi si cha ku Ulaya kokha. Dzukani m'mamawa mwezi wa June kapena July, muyang'ane tauni ya Zomba muli pa msewu wokwera ku Chawe. Muona utsi wa m'makhitchini utagona pamwamba pa madenga ngati nsalu, osakwera, kufikira dzuwa litatentha. Mpweya wozizira umatsika m'phiri usiku nukhala m'zigwa, ndipo utsi umakhala nawo pamodzi.

Pepala la Ringelmann linali ndi chilema chimodzi: limaona utsi wakuda wokha. Akatswiri anapanga makina oyeza zosaoneka, monga mpweya woipa wa malasha ndi wa galimoto, ndi tifumbi tating'ono zedi timene amati PM2.5. Titaika tifumbi timeneti 30 pa mzere, ndiye tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Fumbi la pa msewu mphuno imaligwira, inu nkuyetsemula. Koma iti timadutsa, kulowa pansi pa mapapo, tina mpaka m'magazi. Ndito timautsa mphumu, timathandiza chibayo kugwira mwana, ndiponso timafooketsa mtima wa munthu wamkulu.

Tsono kunabuka vuto lina. Makina amatulutsa manambala amene mlimi, ngakhale kalaliki, sangamve. Mu 1976 Boma la Amereka linaganiza zosonkhanitsa zonse pa muyeso umodzi woyambira 0 kufikira 500, ndipo mu 1999 linaukonzanso, kuonjezapo tifumbi tija, niliutcha Air Quality Index. Kachitidwe kake nkofanana ndi ka wogula fodya: sayang'ana tsamba labwino m'belo, amayang'ana loipa. Mwa zoipa zonse zoyezedwa tsikulo, chimene chakula kuposa zinzake ndicho chimapereka nambala.

Nambalayo ili ndi mtundu wake, kuti ndi wosadziwa kuwerenga yemwe amve. Kufikira 50 ndi wobiriwira, mpweya uli bwino. Kufikira 100 ndi wachikasu. Kupitirira 100 ndi mtundu wa lalanje, ndipo apa ndipo pali nzeru yonse ya muyesowu: mnyamata wamphamvu sangamve kanthu, koma khanda, nkhalamba, mai woyembekezera ndi wodwala mphumu kapena mtima ayenera kuchepetsa ntchito yapanja. Kupitirira 150 ndi wofiira, aliyense ayamba kuvutika. Kupitirira 200 ndi wofiirira ngati duwa la jakaranda, ndipo kupitirira 300 ndi wofiira moderapo, pamene anthu amauzidwa kukhala m'nyumba.

Pamenepa ine ndimakayika pang'ono. Langizo loti "khalani m'nyumba" linalembedwera anthu ophikira magetsi. Kwathu kuno utsi woipa koposa uli m'nyumba momwemo, pa mafuwa atatu, pamene mai akuphika mwana ali kumbuyo. A bungwe la zaumoyo la WHO anawerenga kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse. Ndipo musaganize kuti mbaula yokha itha nkhaniyi. Ku Chikwawa ndi ku Karonga madokotala anatsata ana oposa 10,000, mabanja ena atapatsidwa mbaula zochepetsa utsi, ena ai. Zotsatira zinatuluka mu 2016: chibayo sichinachepe. Mwana sapuma utsi wa pa mbaula ya mai wake yokha. Amapumanso wa zinyalala, wa kwa anansi ndi wa kutchire. Mbaula ya Chitetezo ndi yabwino, imapulumutsa nkhuni, koma ifunika khitchini ya zenera, nkhuni zouma, ndi mwana kukhala panja nthawi yophika.

Mudzafunsa kuti, nanga ife opanda makina tiyesa bwanji? Ku New Mexico, ku Amereka komweko, anthu amaphunzitsidwa kuyesa ndi maso pa nthawi ya moto wa m'nkhalango. Amasankha zizindikiro zitatu, cha pa mamailosi 5, cha pa 3 ndi cha pa 1, nayang'ana atafulatira dzuwa. Cha pa 5 chikabisika, ana, okalamba ndi odwala achepetse kuyenda panja. Cha pa 3 chikabisika, iwowo apewe utsiwo ndithu. Cha pa 1 chikabisika, aliyense aleke ntchito yapanja. Njirayi imagwira pa nyengo youma yokha, chifukwa nkhungu ya chiperoni si utsi.

Inu mafumu muli ndi zizindikiro zabwino kuposa zawo. Muli ndi phiri la Zomba, la Malosa, la Ntonya, ndi zitunda za m'dera lanu zimene mukudziwa kutalika kwake. Sankhani zitatu pamodzi ndi mlangizi wanu, muzilengeze pa bwalo. Tsiku limene chapakati chabisika, uzani anthu kuti lero asatenthe zinyalala, anyamata asayatse tchire posaka mbewa, ndipo wofuna kuotcha njerwa adikire mphepo. Mapesi ndiwo musatenthe konse. Akwirireni m'mizere akhale manyowa. Ndipo mwana akayamba kupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, musadikire kuti kuche: pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.