Chiwongoladzanja

Chiwongoladzanja ndi ndalama yapamwamba imene wokongola amawonjezera pobweza ngongole. Mawuwa ndi ophatikiza mneni "kuwongola" ndi dzina "dzanja", ndipo ena amalemba kuti chiongoladzanja. 

Chimawerengedwa pa 100 iliyonse. Kholo likatenga K200,000 kubanki m'khonde kuti lilipire fizi ya mwana kuyunivesite, gulu n'kugwirizana 20 peresenti pamwezi, pakutha pa mweziwo libweza K240,000. K40,000 yapamwambayo ndiyo chiwongoladzanja. Likachedwa mwezi wina, magulu ena amawerengera pa K240,000 yonse, ndiye ngongole imafika K288,000.

Chikakwera mopyola muyezo, dzina limasintha: timati katapila. Wakatapila amatha kufuna chiwongoladzanja cha theka la ngongoleyo, mwinanso yonse, pamwezi umodzi, ndipo kawirikawiri amalanda khadi la ATM kapena katundu ngati chikole.

Mawuwa ali ndi mbali yabwinonso. Ndalama imene banki imakuwonjezerani mukasunga ndalama zanu kumeneko ndi chiwongoladzanja, chimodzimodzinso phindu limene mamembala a banki m'khonde amagawana pakutha pa chaka.

Wophunzira wosowa fizi ayambe wafunsira ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe la boma lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, chifukwa kumeneko amabweza akamaliza maphunziro. Koma kulikonse, musanasaine funsani ngati chiwongoladzanjacho n'chapamwezi kapena chapachaka, ndipo muchilembe pa bajeti pamodzi ndi lendi ndi chakudya.