Thangata ndi Aphungu: Mbiri ya ku Thyolo

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kunka ku Thyolo aona minda ya tiyi yobiriwira mbali zonse, ndi midzi yothithikana m'mphepete mwake. Malire a pakati pa mindayo ndi midzi anaikidwa ndi malamulo, ndipo malamulowo anapangidwa ndi anthu. N'chifukwa chake mbiri ya dera limeneli iphunzitsa bwino ntchito ya phungu, ndi kufunika kwa kumdziwa asanasankhidwe.

Bwalo la Malamulo la Nyasaland linakhazikitsidwa m'chaka cha 1907, ndipo linkasonkhana ku Zomba. M'menemo munali Bwanamkubwa, akuluakulu a boma, ndi Azungu owerengeka oikidwa ndi boma lomwelo. Munthu wakuda munalibe. Womlankhulira anali mmishoni. Masiku amenewo malo ambiri a ku Thyolo, dzina limene Azungu ankalemba kuti Cholo, anali m'manja mwa makampani monga British Central Africa Company. Amang'anja okhala pa malowo, pamodzi ndi Alomwe amene anadza kuchokera ku dziko la Apwitikizi, ankagwira thangata, ndiyo ntchito yolipirira malo okhalapo.

M'chaka cha 1928 Bwalo lija linapanga lamulo lakuti wokhala pa malo a mwini alipire ndalama, kapena agwire ntchito, kapena agulitse mbewu zake kwa mwini malo. Linalolanso mwini malo kuchotsa banja limodzi mwa mabanja 10 alionse pakutha pa zaka 5. Mwa opanga lamulolo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo thangata.

Anthu akuda oyamba analowa m'Bwalo m'chaka cha 1949, ndiwo a E. A. Muwamba ndi a Ellerton Mposa, koma anawaika ndi Bwanamkubwa. Pakuti anthu a pa minda ya tiyi analibe phungu wodzisankhira okha, madandaulo ao anatulukira njira ina. Mu August 1953, chaka chimene Chitaganya chinayamba, ku Thyolo kunabuka chipolowe chimene chinafalikira ku maboma ena a Kummwera, ndipo anthu 11 anafa.

M'chaka cha 1956 aphungu akuda anakwana 5, osankhidwa ndi makhonsolo a zigawo. Mwa iwo munali a Henry Chipembere ndi a Kanyama Chiume, amene anapanikiza akuluakulu a boma ndi mafunso, kotero kuti mabuku olembamo zokambidwa m'Bwalo anayamba kugulidwa kwambiri. Apo anthu anazindikira kuti phungu ali ndi mphamvu yofunsa boma, ndi kuti boma liyenera kuyankha.

Chisankho choyamba choponya voti anthu ambiri chinachitika pa 15 August 1961, ngakhale kuti si onse analoledwa kulembetsa. Chipani cha Malawi Congress chinatenga mipando yonse 20 ya m'kaundula wapansi, ndipo Dr. Banda anakhala nduna. M'chaka cha 1962 Bwalo lomwe lija linapanga lamulo lothetsa thangata. Chimene chinamangidwa ndi lamulo chinamasulidwa ndi lamulo, atasintha okhala pa mipando.

Komatu mbiri siinathere pamenepo. M'chaka cha 1964 aphungu onse analowa opanda wopikisana nao, ndipo kuyambira 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, kufikira chisankho cha pa 17 May 1994. Malamulo aakulu a 1994 anapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, koma m'chaka cha 1995 aphungu anafafaniza gawo limenelo. Tsono wosankha molakwa apirira zaka 5.

Ntchito za phungu ndi izi: kupanga ndi kukonza malamulo, kuvomereza ndalama zimene boma ligwiritse ntchito, kufunsa nduna za kayendetsedwe ka dziko, ndi kunena za anthu ake m'Nyumba ya Malamulo. Kugula mabokosi a maliro ndi kugawa nsalu ndi chifundo chabe. Sizisuntha malire a munda. Mphunzitsi wa ku Thyolo, amene ana ake ambiri ali ana a othyola tiyi, achita bwino kuwaphunzitsa mafunso oyenera munthu wofuna mpando: Kodi adziwa kukula kwa munda wa banja limodzi m'mudzi muno? Kodi adziwa malipiro a tsiku a wothyola tiyi? Nanga lamulo la malo likadza m'Nyumba, iye adzaima mbali iti? Makolo a anawo anakhala zaka zoposa 50 opanda womfunsa mafunso otere.