Boma Likagula Ufulu Womanga pa Munda

Ana inu, pemphani aphunzitsi anu akuonetseni pa mapu mzinda wa New York ku America. Kum'mawa kwa mzindawo kuli cisumbu cacitali cochedwa Long Island, cimene kale cinali cochuka ndi minda ya mbatatisi. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, asilikali obwerera kwao anasowa pokhala. Motero mu 1947 kampani ya Levitt and Sons inayamba kumanga pa minda ija, ndipo pofika 1951 panaima nyumba zoposa 17,000. Malowo ndiwo Levittown.

Musafulumire kudzudzula alimi amene anagulitsa. Munda ukayandikana ndi mzinda umakhala ndi mitengo iwiri: wina ndi umene mlimi mnzako angapereke kuti alimepo, wina ndi umene womanga nyumba angapereke, ndipo waciwiriwu umaposa woyamba kutalitali. Msonkho wa malo nawo umakwera. Nanga mlimi wokalamba, wa ngongole, angakane bwanji?

Anthu a m'boma la Suffolk, kum'mawa kwa cisumbuco, anaona minda ya anansi ao ikutha. Mu 1974, motsogozedwa ndi mkulu wa bomalo, John Klein, anakhazikitsa njira yatsopano, ndipo mu 1977 anayamba kulipira alimi. Mvetsetsani bwino apa: boma silinagule munda. Linagula ufulu womangapo cabe. Akatswiri amayesa mitengo iwiri ija, ndipo kusiyana kwake ndiko kumapatsidwa kwa mlimi kucokera m'thumba la anthu onse. Munda ukhalabe wake. Angathe kuulima, kuusiyira ana ake, ngakhale kuugulitsa. Koma pa cikalata ca malo pamalembedwa kuti aliyense woutenga sadzaudula mapuloti a nyumba mpaka kalekale.

Zigawo za Maryland ndi Massachusetts zinatsatira mu 1977. Ku Pennsylvania anafunsa anthu eni ake, ndipo mu 1987 iwo anavomera mwa voti kuti boma likongole madola mamiliyoni 100 a nchitoyi. Pambuyo pake anaonjezerapo gawo la msonkho wa ndudu za fodya, kotero kuti wosuta aliyense amasonkherako, afune asafune. Cigawoco cateteza maekala oposa 600,000, ndipo minda yambiri mwa iyo ili ku Lancaster, kumene anthu a mpingo wa Amish akali kulima ndi akavalo ndi nyulu.

Njirayi ili ndi bvuto lake. Munda umene uli pangozi yeniyeni, wa m'mphepete mwa mzinda, ndiwonso wodula kopambana. Ndalama za caka cimodzi zimakwanira minda yowerengeka, ndipo alimi ena amadikira pa mndandanda zaka zingapo. Palibenso lamulo lokakamiza mlimi kulowamo. Cifukwa cace mungathe kupeza munda wotetezedwa utazingidwa ndi nyumba mbali zonse, eni nyumbazo nadandaula za fungo la manyowa ndi phokoso la thirakitala m'mamawa.