Pa Manda a Woweruza William Gaston

Ku manda a Cedar Grove, mumzinda wa New Bern m'chigawo cha North Carolina ku America, kwagona William Gaston, Mkatolika amene anabadwa mu 1778 namwalira mu 1844. Iyeyu ndiye anali wophunzira woyamba pa sukulu ya Georgetown mu 1791, ndipo mu 1815, ali phungu wa nyumba ya malamulo, anaipezera sukuluyo chilolezo chopereka madigiri. Nyimbo ya chigawocho anailemba ndi iye yemweyo.

Masiku amenewo lamulo la North Carolina linkaletsa aliyense wokana chipembedzo cha Chiprotestanti kukhala pa udindo m'boma. Gaston, amene anali woweruza m'bwalo lalikulu la chigawocho kuyambira mu 1833, analankhula mwamphamvu pa msonkhano wokonzanso malamulo mu 1835, mpaka khomo linatsegukira Akatolika. Mu 1834, pa mlandu wa kapolo wina dzina lake Will, anagamula kuti kapolo ali ndi ufulu woteteza moyo wake kwa kapitawo wofuna kumupha.

Komatu, abale, munthu yemweyu, amene anadzudzula ukapolo poyera mu 1832, anasunga akapolo ambiri kufikira tsiku la imfa yake. Choona anachidziwa, koma chuma chinamulemera kuchitaya.

Pomkumbukira, timpempherere, pamodzi ndi anthu amene ankamulimira popanda malipiro. Tidzifunsenso ife eni: chilungamo chimene timachilalika kutchalitchi, kodi wantchito wa pakhomo pathu amachilawa mwezi ukatha?